Darlene Kopecky ndi Mtsikana wa Piritsi Loyamba

Darlene Kopecky anayendetsa basi ya ana a sukulu m'tauni yathu ku Ohio kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Ine ndine Marlys, mlamu wake. Atapuma pantchito, tonse awiri tinayamba kuthandiza pa kanyumba ka mpingo kolandirirapo amayi oyembekezera. Ine ndinkapinda zovala za makanda ndi kugawa matewera, iye ankakhala pa foni.

Poyamba Darlene ankaima ndi chikwangwani kunja kwa chipatala chochotsera mimba mumzinda, akufuula mpaka mawu kusasa. Tsiku lina anabwerako n'kuponya chikwangwanicho m'garaja. "Marlys, atsikana aja sandimva ayi. Amangondiopa." Sanapitekonso.

Ntchito ya pafoni inali yotere. Mayi wochotsa mimba ndi mapiritsi amamwa loyamba, kenako pakapita tsiku kapena awiri amamwa omaliza. Ena akangomeza loyambalo amasintha maganizo. Oterowo ndiwo ankatiimbira, ndipo Darlene ankawaperekeza kwa Dokotala Hruska, yemwe ankawapatsa mankhwala oyesera kuti mimba ikhale.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Febuluwale, tikumwa khofi wam'mawa, foni inalira. Darlene anaitsegula kuti nanenso ndizimva. Woimbayo ankanong'ona.

"Dzina langa ndine Shayla. Ndinamwa piritsi dzulo masana. Enawo ali m'chikwamamu. Sindikuwafunanso."

"Uli kuti, mwanawe?"

"M'chimbudzi cha sitolo yaikulu ija ya kumsewu wa ku Lima. Dustin, chibwenzi changa, akundidikira m'galimoto. Akuti ndimwe lero, iye akuona."

"Amakumenya?"

"Ayi. Amangosiya kuyankhula, mwina sabata yathunthu."

"Nanga iweyo ukufuna chiyani? Zofuna zanga zisiye, za Dustin zisiyenso."

Tinamva madzi akutayika pampopi, kenako mawu. "Ndikufuna mwana wanga, mayi."

"Usachokemo. Ndavala jekete lofiira, ndipo ndine wonenepa, sungandiphonye."

Tinamupeza ataima pafupi ndi masinki, kamtsikana kowonda ka zaka makumi awiri ndi zitatu. Potuluka, Dustin anali atatsika kale m'galimoto. Anali wamtali, wovala ovololo ya kufakitale ya matayala. Anatitchingira njira.

"Amayi awa ndi ndani, Shay?"

"Ndine Darlene, bambo. Iyeyu ndi amene wandiitana."

"Sindikuyankhula ndi inu, agogo. Shay, tinagwirizana kale. Lowa m'galimoto."

Shayla sanasunthe. Ine chala chinali pa foni kuti ndiimbire apolisi. Darlene anangotsegula chitseko cha galimoto yathu n'kuima pambali, osamukoka mtsikanayo ngakhale pang'ono.

"Magalimoto ndi awiri, mwanawe. Sankha wekha. Ukalowa m'yakeyo sindikutsatira."

Shayla analowa m'yathu. Dustin anamenya denga la galimoto ndi chikhatho, ndipo tinanyamuka iye akutukwana.

Dokotala Hruska anamuunika pamakina. Kamtima kankagunda. Shayla analira, koma dokotalayo sanamwetulire.

"Ndikuuze zoona," anatero. "Sindikulonjeza kanthu. Madokotala anzanga ambiri sakhulupirira kuti mankhwalawa amathandiza, ndipo kafukufuku wake ndi wochepa. Chinanso, wosiyira mapiritsi panjira akhoza kutaya magazi ambiri. Zikatero usaimbire ine, usaimbire Darlene. Itana ambulansi."

Shayla anavomera, n'kusaina pepala. Popeza kwa Dustin sakanabwererako, Darlene anamutengera kwawo n'kumupatsa chipinda chimene munkagona mwana wake wamkazi kale. Lachitatu ndi Lachinayi zonse zinali bwino. Mtsikanayo ankadya supu wa nkhuku, akuseka agalu awiri okalamba a Darlene omwe ankalimbirana mpando umodzi.

Lachisanu masana chipale chofewa chinagwa chambiri. Ndinali kukhitchini kwa Darlene titamva kugwa kwa chinthu kubafa. Tinamupeza Shayla pansi, nkhope itayera, magazi atafika pachitseko. Ndinaimbira ambulansi. Anati msewu waukulu watsekeka ndi ngozi, afika pakatha mphindi makumi anayi kapena kuposa.

"Sitidikira," anatero Darlene. "Gwira miyendo."

Tinamugoneka kumpando wakumbuyo, ine nditamupanikiza ndi matawulo. Darlene anadzera njira zakumafamu zimene ankazidziwa kuyambira nthawi ya basi. Kutsogolo sikunkaoneka kanthu. Pa mlatho wa kamtsinje galimoto inatererekera m'mbali, Darlene n'kuibweza.

"Shayla, ndiyankhule! Agalu anga aja maina awo ndani?"

"Biscuit... ndi..."

"Ndi ndani? Usagone iwe! Marlys, m'menye patsaya!"

Ndinamumenya. Anatsegula maso. "Ndi Senator," anatero.

"Eya. Galu waulesi ngati andale a dzina lakelo. Pitiriza, amadya chiyani?"

Tinafika kuchipatala tawulo lachitatu litanyoweratu. Anamwino anamuthamangitsira mkati, n'kumuika magazi mabotolo awiri. Moyo wake unapulumuka, koma mimba inapita padera.

Dustin anabwera madzulo ake. Anatipeza pabenchi pakhonde la wodi, zovala zathu zili magazi okhaokha. Nthawi imeneyi sanakuwe.

"Mukanamupha, mukudziwa?"

Darlene, yemwe sankagonja pa mkangano ndi munthu aliyense, anangoyang'ana manja ake. "Ndikudziwa kuti akanafa," anatero.

Mmawa mwake tinalowa kukamuona Shayla. Anali atatembenukira kukhoma.

"Mayi Darlene, ndikanabwera msanga, mwana wanga akanakhala moyo?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Palibe amene akudziwa."

"Ndimayesa mundiuza kuti ndi chifuniro cha Mulungu."

"Ukafuna ndipemphere, ndipemphera. Koma zimene sindikuzidziwa sindingakuuze."

Shayla sanapemphe pemphero. Atatulutsidwa, azakhali ake anadzamutenga kupita naye ku Toledo.

Darlene anakhala milungu iwiri osabwera kuntchito. Atabwerera anapempha kuonana ndi akuluakulu a komiti ya kanyumba kathu. Anawauza kuti kuyambira tsikulo aliyense woimba foni azimva za magazi ndi za kukayika kwa madokotala m'mphindi yoyamba, ndipo asanamutenge azimufunsa kutalika kwa kwawo ndi chipatala. Wapampando, bambo Lindqvist, anati zimenezo ziziwathawitsa atsikana.

"Athawe akudziwa," anayankha Darlene. "Apo ayi, pezani wina wokhala pa foniyo."

Sanapeze wina. Anakhalapo zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka matenda a shuga atamufooketsa maso. Alipo amayi amene anabwera kudzamuonetsa makanda awo, alipo amene anadula foni atamva mawu ake oyambawo, ndipo ambiri sitinamve mathero awo.

Darlene anamuimbira Shayla kangapo m'miyezi yoyamba ija, osayankhidwa. Chilimwe chitafika kunabwera uthenga umodzi pafoni yake: "Ndili bwino, ndayamba ntchito. Zikomo pondithamangitsira kuchipatala. Chonde musandiimbirenso." Darlene anandionetsa uthengawo tili pamzere wolipirira m'sitolo, anauwerenga kawiri, kenako anafufuta nambalayo ine ndikuona.