Timiyala ta Agogo Osoka Zovala

Kuseri kwa msika wa ku Fíngoè kuli mkulu wina wosoka zovala, Msilamu yekhayo mumsewu wonsewo. Salankhula zambiri. Ana akaweruka ku shikola amathamangira pakhonde pake, iye n'kuwakhuthulira chitini cha timiyala kuti awerenge m'Chiarabu, monga anaphunzirira ali mwana kwawo ku Niassa. Amaunjika timiyalato khumikhumi, timilu khumi n'kukhala miya, ndiye kuti zana. M'mawa uliwonse mkuluyo amaponya kamwala kena kamodzi m'chitinimo.

Lachiwiri lapitali milu ya miya inakwana khumi. Ana anasowa mawu ake a m'Chiarabu, n'kungomuyang'ana.

"Alfu," anatero osadzutsa mutu. "Chikwi chimodzi."

Ivânia, kamtsikana kosagona ndi funso, anati, "Agogo, nanga tidzalekezera pati? Chitinichi chadzazatu!"

Mkuluyo anaimitsa makina. Kamwala koyamba anakaponya tsiku limene mwana wake yekhayo anakwera lole kupita kokumba golide ku Manica, ndipo mpaka lero sanatumizeko ngakhale moni. Mkuluyo anayang'ana kumsewu.

"Mwana wanga akadzatsika lole apo, mudzapuma," anatero. "Ukapemphe amayi ako chitini china mawa. Chokulirapo."