Wovomera Nyimbo ya aNakayange

Fungo la gaga wonyowa likangondipeza, ndimaona aNakayange, neba wathu ku Chisenga, ataima pamtondo m'mamawa nkhungu isanachoke m'mapiri a Mafinga, chitenje chili m'chiuno, musi ukukwera ndi kutsika, nkhuku zikulimbirana maso a chimanga odumphira pansi. Mayi amenewa sankasinja ali chete. Chilichonse chowawawa chinkalowa m'nyimbo ya Chilambya, chinenero chawo, yopeka pompo: kaya mbuzi za eni zadya nyemba zawo, kaya amuna awo agona kumowa. Azimayi ena ankavomera ali pamitondo yawo, ngakhale amayi anga, mlendo wochokera ku Dedza, anaphunzira kuvomera nawo. Dzuwa lisanakwere mudzi wonse unkakhala utamva mlanduwo, wolakwayo n'kumadutsa atazolika.

Kenako kunabwera chigayo. Aa, ndani akanakana? Azimayi onse anathamangira komweko. ANakayange anakakamira mtondo wawo, koma akaponya nyimbo n'kuimitsa musi m'mwamba kudikira, kunkangoti zii. Posakhalitsa tinayamba kumva musi wokha.

"Agogo, bwanji simukuimba masiku ano?" ndinawafunsa.

"Ndiimbire nkhuku? Kuimba popanda wovomera ndi misala, mwana wanga."

Mawu amenewo anandiwawa zedi. M'mawa mwake ndinabisala kuseri kwa nkhokwe yathu, ndipo nditamva akung'ung'udza pang'onopang'ono, ndinavomera ndi mawu anga achule, Chilambya chake chopindikapindika. Musi unaima.

"Iwe kamtsikana ka aphunzitsi, wandiwonongera nyimbo!" anakuwa, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Tabwerezanso."

Kuyambira pamenepo tinkaimba awiri, mpaka abambo anga, aphunzitsiwo, atasamutsidwa.

Kusukulu ndinkakonda kulemba kwabasi, koma ntchito ya muofesi pa Boma la Chitipa inandiumitsa mutu. Malipoti okhaokha! Zaka zinapita osalemba kanthu kochokera mumtima, ndipo ndinkadziona kuti ndauma. Chaka chatha mwana wanga ananditsegulira bulogu pafoni, tsamba la pa intaneti lolembapo zakukhosi. Ndinayamba ndi aNakayange, amene anatisiya kalekale, ndipo ndinaikamo m'Chichewa kachidutswa ka nyimbo yawo yodzudzula amuna awo: "Mwapita kumsika ndi mbuzi, mwabwera ndi chingwe." Kotsalako kanali katandithawa. Polemba ndinkaseka ndekha, zala zikuthamanga ngati za mwana wasukulu.

Koma masabata anadutsa popanda woyankha. Ndinkatsegula foni paminibasi, kutchalitchi ndi pophika pomwe, osapezamo kanthu. Ndinachita manyazi, mayi wamkulu ngati ine kumalankhula ndekha pagulu, ndipo ndinauza mwana wanga kuti afufute zonse.

Asanafufute, pansi pa nkhaniyo panabwera uthenga wa mayi wina wa ku Mzuzu, yemwe sindinamuonepo: "Awo ndi agogo anga. Nyimboyo imapitiriza kuti, 'Chingwecho ndithire mchere, ana adyere?' Ndawawerengera amayi, alira ndipo aseka. Yewo chomene. Akuti mulembenso ya mbuzi ndi nyemba, iwo akuikumbukira theka."

Ndinalira momwemo muofesi, anzanga akundiyang'ana modabwa. Nditaweruka sindinadutse n'kumsika komwe. Ndinakhala pakhonde, nsapato zili kuphazi, n'kuyamba ya nyembayo, theka langa, podziwa kuti ku Mzuzu kuli mayi wokalamba amene akudikira ndi theka lake.