Ndowe za Panjira ya ku Magodi

Mkulu wanga Jemima ankagulitsa tomato pa njinga m'midzi ya ku Magodi, ndipo pakamwa sagonjera munthu. Sukulu anasiyira giredi 9 atatenga mimba ya Linah. Atamva kuti kuchipatala chathu akufuna amayi othandiza anamwino, koma okhala ndi satifiketi, anakalembetsa mayeso imvi zitayamba kale. Chaka choyamba masamu anamugwetsa.

Amuna ake, a Gerald, anaika malire: akalepheranso, mabuku apite pamoto, iye akalowe m'munda wa fodya. Ine mawuwo anandipsetsa mtima. Jemima anangoti, "Tizaona."

Chomwe chinkamuzunguza mutu ndi funso la wilo la njinga. Wilo la masentimita 70 kudutsa pakati likazungulira ka 1,000, njinga yayenda mtunda wotani? Iye ankangochulukitsa 70 ndi 1,000. Aphunzitsi akamuuza kuti ayambe wachulukitsa 70 ndi 22 n'kugawa ndi 7 kuti apeze 220, ankapukusa mutu. "Nambala zamene sininaone na maso, nizikhulupilile bwanji?"

Tsiku lina tikuchokera kumsika, njinga yake inaponda ndowe zaziwisi. Ine ndinayamba kulalatira mwini ng'ombe yemwe sindikumudziwa n'komwe. Jemima anatsika n'kucheuka. Tayala linali litadinda ndowezo panjira, apa, apo, uko, mipata yake yofanana ndendende. Anamasula chitenje chapamwamba, chija cha mamita awiri, n'kuchiyala pakati pa zidindo ziwiri. Chinaperewera ndi chikhatho chimodzi chotambasula.

"Iwe, ona! Wilo siyenda na pamimba, iyenda na mphepete! Ndiye 220 ya aticha ija!"

Anakuwa mpaka bambo wina wa ngolo anaimitsa ng'ombe zake. Pomwepo anatola kamtengo n'kulemba pamchenga: masentimita 220 ka 1,000, makilomita awiri ndi mamita 200. Kuyambira tsiku limenelo mantha a masamu anamuthera. Mayeso atabwera anakhoza, osati mwapamwamba ayi, koma anakhoza. Ndinalira ngati satifiketiyo ndi yanga.

M'mawa woyamba ntchito, a Gerald anamukweza okha pakaliyala pa njinga yawo, ine ndikuwatsatira pa njinga ya tomato ija. Ataona ndowe kutsogolo, anakhota kuti azilambalale. Jemima anawakoka malaya.

"Pitani pamenepo, atate ake Linah. Ni aticha anga aja, sitingapitilile osapeleka moni."