Nandolo amene sanatchulidwe pamaliro

Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma kalata ndinkalemba. Nthawi imene amuna ambiri a kuno ku Kadewere anali ku Joni ndi ku Halale, akazi awo ankabwera pakhonde panga ndi pepala. Iwo ankanena, ine ndinkalemba. Kenako ndinakhala mlembi wa mphakati wathu wa tchalitchi mpaka maso atayamba chifunga. Mbiri za malemu, zija zimawerengedwa pamaliro, ndalemba zambiri. Palibe anandibwezerapo pepala kuti ndikonze.

Wondikonza anali mmodzi yekha, mkazi wanga, ndipo sankadziwa kuwerenga.

Titangokwatirana kumene, mayi wina anabwera kuti ndimulembere kalata yopita kwa mwamuna wake amene anasiya kutumiza uthenga. Pofuna kuonetsa sukulu, ndinalemba kuti mayiyo ali ngati ngalawa pakati pa mafunde. Ndinaziona m'buku. Nditawerenga mokweza, mkazi wanga, amene ankasenda chinangwa pambali, anafunsa osadzutsa mutu.

"Ngalawayo inu munaionapo?"

"Ayi."

"Nanga mayiwa anaionapo?"

"Ayi."

"Ndiye mukunamiza ndani? Pitani mukaone nyumba yawo."

Ndinakwiya, koma ndinapita. Denga linali lofolera mbali imodzi yokha, mitambo ili kale paphiri. Ndinang'amba kalata ija n'kulemba ina: ndili ngati nyumba yathuyi, yofolera theka, ndipo mvula yayandikira. Mwamunayo anayankha mwezi usanathe.

Kuyambira pamenepo ndinasunga lamulo langa. Ukafuna kufanizira munthu ndi chinthu, sankha chimodzi, chimene omverawo anachigwirapo ndi manja. Chikhalenso choti sungachichotse pa munthuyo n'kukachiika pa wina. Kalata iliyonse yovuta ndinkayamba ndamuwerengera iye. Akangoti "munaionapo?" ndinkafufuta.

Sindinamuthokozepo. Sindine munthu wa zimenezo. Zaka zoposa makumi anayi tinakhala limodzi, ndipo pa anthu sindinanenepo liwu lomuyamikira. Kunyumba ndinkalankhula ngati ndikuwerenga malamulo.

Anamwalirira kuchipatala cha mishoni, m'chilimwe, nandolo atakhwima m'minda. Ine pamudzi pano ndine mkamwini, ndipo maliro a mkazi ndi a abale ake. Alamu anga, alongo ake aakulu, ndiwo ankayendetsa zonse. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti mbiri ndilembe ine.

"Alamu," anatero, "angalembe ndani wina inu mulipo?"

Ndinalemba m'mawa, kuseri kwa nyumba, tikudikira ana ochokera kutali. Ndinayamba ndi za masiku onse: kumene anabadwira, ubatizo, ukwati, ana ndi adzukulu. Kenako ndinalemba izi, ndipo ndimazikumbukira liwu ndi liwu:

"Mayiyu anali nandolo. Ine ndinali chimanga. Tinadzalidwa m'munda umodzi. Chimanga chimakula msanga, chimatalika, chimachita phokoso ndi mphepo, ndipo wodutsa panjira amati uwu ndi munda wa chimanga. Nandolo amakhala pansi pake, pamthunzi, osaoneka. Koma chimanga chikakololedwa, dzuwa litawaula zonse, wobiriwira m'munda amatsala nandolo yekha. Ndiye amatipatsa ndiwo nthawi imene kulibe, ndipo mitengo yake ndiyo nkhuni zathu. Chaka chimene ntchito yanga ya ku esiteti inatha, ine n'kukhala pakhonde osafuna kuonana ndi munthu, ana anadya ndipo sukulu sanaleke. Anthu ankati bambo uja ndi wolimba. Sindinali ine."

Ndinawerenga kawiri. Ndinadzifunsa funso lake lija. Inde, ndinamuonapo nandolo. Aliyense amene akanakhala pamaliropo anamusendapo ndi zala zake.

Mwamuna salankhula pamaliro a mkazi wake. Amakhala pansi, ena amamulankhulira. Choncho pepala ndinapereka kwa mwana wanga woyamba, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Blantyre. Mwana ameneyu anaphunzira chifukwa amayi ake ankasenza nandolo pamutu kukagulitsa ku Mbulumbuzi, wapansi, kupita ndi kubwera. Ndinaona kuti mawuwa ndi oyenera pakamwa pake.

Anayang'ana pepalalo nati, "Ababa, dzanja lanu layamba kunjenjemera. Ndizilembe bwino pafoni kuti ndisamakakamire powerenga."

"Usasinthe kanthu."

"Ndisinthirenji?"

Mawa lake, mapemphero atatha, bokosi lili patsogolo pathu, anaimirira ndi foni m'manja. Za kubadwa, ubatizo ndi ana anawerenga mmene ndinalembera. Ndinawerama, ndikudziwa chimene chikubwera.

Iye anakweza mawu. "Lero duwa lathu la rozi lafota. Nyenyezi imene inkatiunikira yazima. Mzati wa nyumba wagwa, ndipo ngalawa ya banja lathu yatsala pakati pa nyanja yopanda woyendetsa."

Ndinadzutsa mutu. Ndinaganiza kuti mwina wawonjezera zake, zanga zikubwera pambuyo. Ndinadikira. Anati zikomo kwambiri, n'kukhala pansi. Anzake a ku tauni anagwedeza mitu. Kwaya inayamba nyimbo, anyamata ananyamula bokosi.

Zinthu zinayi, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene mkazi wanga anachigwirapo. Munthu angakhale bwanji duwa, nthawi yomweyo mzati? Mawu omwewo ndinali nditawamva mwezi wapitawo pamaliro a bambo wina wa sitolo, ndipo anamukwanira chimodzimodzi. Akanakwanira aliyense wogona kumandako. Ndipo ngalawa ija, imene iye anandichotsa m'kamwa tili achinyamata, ndiyo anamuperekeza nayo.

Tsiku lotsatira masana ndinamuitana kuseri kwa nyumba.

"Pepala langa lili kuti?"

"Lili m'galimoto, ababa."

"Unati susintha."

"Ndinangokongoletsa pang'ono."

"Rozi unamuonapo m'munda mwa amayi ako?"

"Ndi mmene anthu amanenera masiku ano. Panali abwana anga paja, ndi anzanga a ku ofesi. Ndiime pamaso pawo ndizinena kuti amayi anga anali ndiwo?"

"Ndiwo zimenezo ndi zimene zinakufikitsa pamaso pawo."

Anayang'ana pansi, n'kuyamba kukanda nthaka ndi nsapato ngati ali mwana. Kenako anati, "Komanso munadzinyoza nokha, ababa. Zoti munkangokhala pakhonde. Anthu akanazitenga n'kumakunenani. Ine ndinakutetezani."

"Ndinakupempha?"

Anapita kukatenga pepalalo. Linali lopindidwa kanayi, pakona pali mafuta a galimoto.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mwanayu anamva. Sikuti mawu anga anamuvuta. Anamva bwino lomwe kuti nandolo ndani, chimanga ndani, chaka chake ndi chiti, chifukwa iye anali pakhomo pomwepo, akudya. Ndikanalemba zozungulira, zoti munthu sangaloze chala, akanawerenga mosangalala. Anachotsa chifukwa zinali zomveka.

Patapita masiku atatu, mng'ono wa malemu anandipeza ndikukolola nandolo yemwe mkulu wake anasiya. Ndi mayi wosabisa mawu. Anaima m'mphepete mwa munda, manja m'chiuno.

"Alamu, zija munalemba ndinu?"

Ndinapitiriza kuthyola.

"Mwakalamba ndithu. Rozi? Achemwali akanadzuka m'bokosi muja kukufunsani ngati munamuonapo. Zaka zonsezi osawadziwa akazi anu?"

Mudzi wonse unkadziwa kuti mbiri ndinapempha kulemba ndine. Choncho mudzi wonse ukudziwa kuti ine, mlembi wa zaka zonsezi, nditapatsidwa mpata umodzi wonena za mkazi wanga, ndinatola mawu a pamsika. Pepala linali m'thumba la malaya. Ndikanalitulutsa pomwepo. Koma ndikanatero, pofika madzulo aliyense akanadziwa kuti mwana wanga ananama kwa bambo ake, amayi ake ali m'bokosi. Mwanayo ndi wanga. Ndinati, "Dzuwa lakwera, alamu," ndipo anapita akupukusa mutu.

Mwana wanga wamkazi, yekhayo amene ndinamuonetsa pepalalo, anati ndiliwerenge pa Misa yokumbukira malemu. Ndinakana. Mawu aja sanali a anthu. Anali a mkazi wanga, anthu akhale mboni chabe. Tsiku lija anali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pamene ndinakhala. Pa Misa ndikawerengera mabenchi.

Abale ake sanandithamangitse. Anati ndikhale pamudzi pompano mpaka tsiku langa, ndipo munda ndimalimabe. Mwana wa ku Blantyre uja amaimba foni Lamlungu lililonse. Amafunsa za miyendo, ndimamuuza. Amafunsa za mvula, ndimamuuza. Anatumiza chithunzi cha amayi ake m'galasi, mawu ake aja atalembedwa pansi ndi zilembo zopindika. Chithunzicho ndinachotsa n'kuchiika m'buku langa la mapemphero, limodzi ndi pepala langa. Galasi ndi mawu akewo zili pansi pa bedi.

Mwezi wathawu anaimba pakati pa sabata.

"Ababa, takonzeka kumanga chiliza cha amayi. Wosema mwala akufunsa mawu oti alembepo. Ndinaganiza kuti inuyo mulembe."

"Dzina ndi masiku."

"Basi? Malo alipo, ababa. Mizere itatu, ngakhale inayi."

"Dzina ndi masiku."

Ndinkamva magalimoto akudutsa kumene anali.

"Ngati mukufuna," anatero motsitsa mawu, "tikhoza kuikapo za nandolo zija."

"Pamwala? Awerenge ndani? Amayi ako sankadziwa kuwerenga. Ankamva ndi makutu, ndipo tsiku lomva linali lija."

"Ababa..."

"Mawu anga ndinakupatsa kamodzi. Uza wosemayo dzina ndi masiku."