Mpando wa mu seti yoyamba

Ndikakumbukira nyengo yanga yoyamba ya masamba ogwa ku Handsworth, dera la mumzinda wina waukulu wa m'dziko la azungu, chimene chimabwera patsogolo ndi fungo la majuzi onyowa atayanikidwa pa hita ya m'kalasi, ine nditakhala pambali pake ndikupenta ndi makirayoni. Inde, kupenta. Ine mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, amene kwathu ku Dedza ndinali nditakhoza mayeso a Fomu 2 ndipo aljebura ndinkaichita ngati kusenda mbatata, aphunzitsi anandipatsa pepala lojambulidwa chinthu chozungulira chogawidwa panayi, akuti ndipente gawo limodzi kuti ndimvetse kuti kota ndi chiyani. Ndinkamaliza anzanga asanatsegule n'komwe zikwama, kenako n'kupinda manja, n'kumaonerera mvula ikuyenderera pawindo. Mpaka lero ndikamva fungo la juzi yonyowa mtima umandiwawa.

Pasukulu imeneyo ana ankawagawa m'magulu otchedwa maseti, malinga ndi mmene aphunzitsi ankaonera nzeru zawo. Ine ndinafika chapakati pa zaka za m'ma 2000, kutsatira mayi anga amene anali atatsogola kudzagwira unamwino pachipatala china chachikulu cha mumzindamo, ndipo aphunzitsi atangomva kumene ndachokera anandiponya mu seti yachinayi osandiyesa ngakhale samu imodzi. Pamwamba penipeni panali seti yoyamba, m'chipinda cha kumapeto kwa khonde la m'mwamba. Ana a mmenemo ankalemba mayeso a masamu chaka chathunthu anzawo asanalembe, ndipo akatero ankayamba masamu a ku koleji akadali ku sekondale. Mayina a olowa m'gulu limeneli ankawatseka Khirisimasi isanafike, ndipo ukaphonya pamenepo, basi, zako zada. Mpando wa mmenemo ndinkaufuna mpaka kuulota. Nthawi yopuma ndinkadutsa dala pakhomo pawo kuti ndisuzumire zimene zatsala pabolodi, n'kuzikopera kumapeto kwa kope langa, madzulo n'kukazisova patebulo la kukhitchini.

Nyumba yathu inali imodzi mwa zija zogundanagundana, zoti mnansi akayetsemula umafuna kumuuza kuti pepani. Kuchipupa china kunkabwera fungo la nkhuku yootcha ya tsabola ya amayi ena a ku Jamaica, kwinaku fungo la anyezi wokazinga ndi khale. Loweruka tinkapita ku Soho Road kukagula ufa, therere ndi chinangwa m'mashopu a amwenye, ndipo pobwera manja ankachita dzanzi ndi kuzizira komanso kulemera kwa majumbo. M'mawa uliwonse ndinkasesa masamba pakhomo monga ndinazolowera kwathu, mphepo n'kuwabweretsanso ndisanaike n'komwe tsache. Ndikasowa chochita ndinkasewera phada ndekha pakapeti ndi timiyala timene ndinatola kupaki. Mayi akamasita yunifolomu yawo ankabwereza malamulo omwe aja amene anandilera nawo: wamkulu sayang'anidwa m'maso, mphunzitsi sayankhidwa mwamwano, mwana wodzitama ndi wopanda mwambo. Malamulowo ku Dedza anandipangitsa kukhala mwana wotamandika, ndipo panalibe anatichenjeza kuti kuno adzatipweteka.

Kulakwitsa koyamba kunali kwanga, ndivomere. Tsiku lina a Hollis, mkulu wa aphunzitsi a masamu, bambo wamtali wonunkhira khofi nthawi zonse, analowa mu seti yathu yachinayi n'kupeza nditapinda manja. Anandifunsa ngati ntchitoyo inkandipepukira. Ndinaimirira, kalasi yonse n'kufa ndi phwete chifukwa kuno mwana saimirira poyankha, ndinaika manja kumbuyo, maso pa nsapato zawo, n'kunena kuti ndikuyesetsa. Nanga ndikanati chiyani? Ndiwauze akuluakulu kuti zimene akutipatsazi ndinazisiya ku Sitandade 5? Kwathu kumeneko ndi kutukwana mphunzitsi pamaso pa ana ake. Iwo anangogwedeza mutu n'kutuluka.

Kenako linafika tsiku limene makolo amapita kukakumana ndi aphunzitsi. Inali Novembala, nyengo imene dzuwa limalowa ana asanafike n'komwe kunyumba. Mayi anasinthana shifiti ndi mnzawo, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi mkati mwa chikhoti, ndipo tinakalowa mu holo yonunkha polishi n'kukhala pamzere mpaka inakwana nthawi yathu. A Hollis anati ndine mwana wofatsa, wosavuta. Pamenepo mayi anachita zimene kholo lililonse lolemekezeka la kwathu limachita popereka mwana kwa mphunzitsi. M'Chingelezi chawo chabwino chija, anati ine palibe chimene ndimadziwa, ndimachedwa kumva, ndine waulesi, chonde andilimbikire. Mawu amenewa ndinali nditawamva teremu iliyonse ku Dedza, ngakhale teremu imene ndinakhala nambala wani, ndipo mphunzitsi ankaseka n'kuyankha kuti ayi mayi, uyu ndiye timamudalira. Zimayenda choncho: kholo limatsitsa, mphunzitsi amakweza, onse n'kusiyana atalemekezana. Koma a Hollis sanaseke. Anatenga cholembera n'kulemba. Mayi anawathokoza katatu konse, mawondo atapinda, tinatuluka iwo ali okhutira kuti aonetsa mwambo.

Sabata yoyamba ya Disembala mayina anawakhoma pakhonde la m'mwamba. Ndinawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso ndi chala, dzina langa osalipeza. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, kunyumba kunafika kalata yoti adzandilembetsa mayeso a pansi, aja oti ngakhale ukhoze funso lililonse giredi yapamwamba sungaipeze. Ndinapsa mtima kwambiri. Kukalipira mayi sindikanatha, ndiye mkwiyo wonse unathera pa mapoto. Ndinkatsuka mowamenyanitsa, kutseka zitseko mwamphamvu, chakudya n'kumangochitosatosa. Mayi anati mwina aphunzitsi aona zimene ife sitikuziona, tiwasiye agwire ntchito yawo, ndipo mawu amenewo anandiwawa kuposa kalata ija.

Lamulungu lotsatira tinakwera basi kupita ku Whitmore Reans, kumene anthu a kwathu ankasonkhana kupemphera mu holo yobwereka. Mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi ndi mandasi, kalata ija inafika m'manja mwa Anti Tamala, namwino wa ku Chipata amene anali atakhala kuno zaka zambiri ndipo ana ake ukawapatsa moni m'Chichewa ankayankha m'Chingelezi. Anaiwerenga kawiri n'kufunsa mayi kuti kodi kusukuluko anakanena zotani. Mayi anafotokoza zonse mosabisa, chifukwa sankaona cholakwa. Anti Tamala anaika kapu pansi n'kuomba m'manja kamodzi.

"Asisi, mwamupha nokha mwanayu. Kuno mukanena kuti mwana wanu ndi mbuli, saseka ayi. Amalemba."

Tinakwera basi kubwerera kunyumba. Titafika mayi anasolola sutikesi pansi pa bedi n'kutulutsa malipoti anga onse a ku Dedza, omangidwa ndi kansalu, ena atayamba kufiira m'mphepete. Anandiuzanso kuti ndibweretse kope lija limene ankandiona ndikulimbana nalo patebulo la kukhitchini. Ine ndinkaganiza kuti sankaona.

Lachiwiri m'mawa anachokera kuntchito osalowa n'komwe m'nyumba, yunifolomu ili mkati mwa chikhoti, maso ali psuu ndi tulo, n'kundiperekeza kusukulu. Sitinapangane ndi munthu, choncho anatikhazika pabenchi pafupi ndi ofesi mpaka belu linalira kawiri. Atatilowetsa, mayi anakana mpando. Anaika malipoti ndi kope patebulo ndi manja awiri, kenako anachita chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita: anamuyang'ana mwamuna wachilendo m'maso.

"Bambo, tsiku lija ndinanama. Kwathu timatero polemekeza mphunzitsi. Mwana uyu ndi wanzeru kuposa ine ndi bambo ake. Chiyambire sukulu sanatsikepo pa nambala thuu, ndipo ine ndimamunyadira."

Mawu ankatuluka movutikira, ngati munthu amene amuuza kuti avule pamsika. Ine makutu anatentha, maso anali pansi. Zaka khumi ndi zinayi ndinali ndikudya kwawo, kuvala kwawo, kudwala iwo n'kumachezera nane, koma mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo, ndipo sindinkayembekezera kuti ndidzawamva.

A Hollis anatsegula kope n'kupezamo masamu a pabolodi lawo lomwe, onse atasovedwa mpaka pansi. Nkhope inafiira. Anatsegula faelo n'kutionetsa zimene analemba tsiku lija, kuti mayi ake akuti mwanayu amachedwa kumva, ngati kuti pepalalo ndi limene liwaombole. Anafunsa chifukwa chimene sitinanenere kale. Kenako anayang'ana wotchi. Anati mayina anatumizidwa kale kwa olembetsa mayeso, mipando mu seti yoyamba yadzaza, ndipo anzangawo apita patali ndi teremu yathunthu. Chimene akanatha ndi kundikweza ku seti yachiwiri kuti ndidzalembe mayeso apamwamba pa nthawi yake, limodzi ndi ena onse. Potiperekeza pakhomo anatilangiza kuti m'dziko lino munthu uzilankhula. Pepani sanamutchule.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga umagona mpaka lero, ndipo musandiuze zoti ndikhululuke. Bambo ameneyu anali nane pasukulu yake miyezi itatu. Pepala limodzi la mafunso, mphindi khumi zokha, likanamuuza zonse. Anandipeza nditapinda manja ntchito itatha, sanadabwe. Zoipa za ine anazikhulupirira pa mphindi imodzi, kuchokera kwa mayi amene anali asanawaonepo, osafunsa umboni uliwonse, chifukwa zinkagwirizana ndi zimene anali ataganiza kale tsiku limene anaona kumene ndachokera. Koma kuti akhulupirire zabwino panafunika mtolo wa malipoti, kope lodzaza, ndi mzimayi wamkulu kuswa mwambo wake ataimirira m'kaofesi. Ndiye potsiriza wolakwa akhale ife chifukwa chosalankhula? Bodza limenelo. Ndimadzifunsanso za anzanga amene ndinawasiya mu seti yachinayi akupenta makota, kuti ndi angati mwa iwo amene ankangoyang'ana pansi ngati ine, koma analibe sutikesi ya malipoti pansi pa bedi.

Masamu a ku koleji aja ndinadzawaphunzira ndithu patapita zaka ziwiri, ndipo ndinakhoza bwino. Anthu ndikawafotokozera nkhaniyi amati nanga unataya chiyani, si unafika komwe unkafuna? Ndinataya zaka ziwiri zodutsa pakhomo lija ndikudziwa kuti mpando wanga uli mkatimo ndipo wakhalapo wina. Ndinatayanso kena kake ka kwathu. Chichokere tsiku la mu ofesi lija sindinaimirirenso poyankha mphunzitsi, sindinayang'anenso nsapato za munthu, ndipo ndinaphunzira kunena ndi pakamwa panga kuti ichi ndimachitha, ngakhale lilime linkalemera. Ena amati ndiye kukula kumeneko. Ine ndimati anandilanda, chifukwa ulemu umenewo sunali uchitsiru, unangogwera pa munthu amene sanafune kuumvetsa.

Titatuluka mu ofesi muja ndinawaperekeza mayi mpaka pageti. Kunali kamvula kowaza, masamba atamatirira pansi. Anandikonza kolala ya malaya ngakhale inali bwinobwino, osandiyang'ana.

"Zimene ndanena mujamu zithere momwemo. Usayambe kudzimva."

Ndinati chabwino mayi, iwo n'kupita kukadikira basi, malipoti atawapanira kukhwapa.

Lero ndine kholo, ndipo likafika tsiku lokumana ndi aphunzitsi ndimakhala tsonga, kuwayang'ana m'maso, n'kunena zonse zimene mwana wanga amatha iye ali pomwepo akumva, mpaka amandikoka chovala kuti ndisiye. Mayi anakalamba, anabwerera ku Dedza, ndipo tikamalankhula pafoni amandifunsabe ngati ndasiya ulesi. Mawu aja oti amandinyadira sanawabwerezenso. Ndinawamva kamodzi kokha m'moyo wanga wonse, ndipo sanali kuuza ine. Ankauza munthu amene ankayang'ana wotchi.