Kabokosi kamene ndinkakafunditsa gombeza

Amene anayamba kubwera ndi uthengawo anali mlongo wanga, uja anandiponda pamutu. Anandipeza kudimba ndikukumba mbatata ya kachewere. Sanafike pafupi. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa pichesi, navula chipewa, n'kungoima.

Ndinati, "Achimwene, mwaima ngati mwaona njoka bwanji?"

Anati, "Achemwali, siyani khasu. Tiyeni kunyumba."

Khasulo ndinalipeza pomwepo patatha masabata awiri, litachita dzimbiri. Mwana wanga wamwamuna, yekhayo mwa ana anga anayi, anali atagundidwa ndi kamiyawu, chilole chachikulu cha katundu, pa msewu wochokera ku Ntengo-Wambalame, ali pa njinga yake yamoto. Za malirowo sindilemba pano. Amene munaikapo mwana mukudziwa kale, ndipo amene simunaikepo, Mulungu akutchinjirizeni. Ndikufuna ndikuuzeni za kabokosi kamene anandisiyira, ndi mmene ndinatsala pang'ono kukapha ndi manja angawa.

Mwana wangayo ankakonza mawailesi ndi mafoni pa msika wa Tsangano. Bambo ake anatisiya iye ali wamng'ono, ndipo alongo ake onse anakwatiwa kutali, choncho atakwatira anabwera ndi mkazi wake kudzakhala pakhomo panga. Tsiku lina anafika ndi kaphukusi kamene mnzake wa ku Tete anamubweretsera. Anakamasula pamkeka mosamala ngati muli mazira. Munali kachitsulo kathyathyathya, kutalika kwake ngati dzanja langa, kokhala ndi timabowo ndi zopotokola ziwiri, china chachikulu china chaching'ono.

"Amayi, ichi ndi osiladoro."

"Osila chiyani?"

"Osiladoro. Chimatulutsa mawu."

"Ndiye kuti ndi wailesi."

"Ayi, amayi. Wailesi imatola mawu a anthu ena. Ichi chimabala akeake."

Anati chimenecho chinali chiwalo chimodzi chabe cha choimbira chachikulu, ndipo ziwalo zina azidzazipeza chimodzichimodzi, monga tinamangira nyumba yathu, chaka chino chipinda, chaka chamawa khonde. Anakhoma kabokosi ka matabwa a paini n'kumangiriramo kachitsuloko. Kumbuyo kwake kunali chingwe chathyathyathya chokhala ndi mzere wofiira m'mphepete, ndipo anandionetsa kawiri konse kuti mzere wofiirawo uziyang'ana pansi, chifukwa ukachitembenuza chinthucho chimapsa. Analumikiza ku batire ya sola yathu, kenako ku kateklado kakang'ono ka mabatani oyera ndi akuda, ndi ku sipika ya wailesi ina yakufa.

Atadina batani koyamba, nkhuku zinathawa pakhonde. Mawu ake anali ngati a udzudzu, koma udzudzu wa msinkhu wa mbuzi. Mpongozi wanga, mkazi wakeyo, anatulukira kukhitchini ali ndi mthiko m'manja.

"Amuna anzanu akubweretsa mbuzi pakhomo, inu mwabweretsa udzudzu!"

"Dikira, nkazi. Sindinachichune."

"Chichuneni msanga mwana asanadzuke."

Kuchunako ankakutchula m'Chiputukezi kuti afinari. Ndinaona kuti ndi ntchito yofuna mtima wautali. M'mawa uliwonse asanapite kumsika ankapita pa kabokosiko, n'kugwiragwira, n'kukaphimba ndi chitenje changa chakale, kenako n'kutuluka panja kukamwa tiyi. Akamaliza tiyiyo m'pamene ankabwerera kudzayamba kuchuna. Tsiku lina ndikusesa ndinafuna kukasuntha, iye anakuwa ali pakhomo.

"Amayi, musachikhudze chisanafunde! Kuno kwathu n'kozizira, ndipo chinthuchi chikazizidwa chimanama."

Mawu amenewo ndinawasunga. Chisanafunde. Ndinaona chitenje chili pamwamba pake, ndinati eya, chikufunda ndithu.

Kutchalitchi kwathu ine ndinkayambitsa nyimbo kwa amayi anzanga Lachinayi lililonse, kuyambira pamene tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha. Mwana wanga anali ndi kenakake m'foni mwake koyezera mawu. Tsiku lina anati, "Amayi, tayambitsani nyimbo yanu ija yotsegulira." Ndinayambitsa. Anayang'ana foni n'kuseka. Mawa lake anandiuzanso, mkuja wakenso chimodzimodzi.

"Dzana lá, dzulo lá, lero lá. Amayi, muli ndi lá pakhosi, sasuntha! Foni yangayi ikadzafa, ndizidzachuna ndi inu."

Sindinkadziwa kuti lá n'chiyani, koma ndinakondwa kuti ndili naye. Anatenga utoto wa zikhadabo wa mkazi wake n'kudontheza kadontho kofiira pa batani limodzi loyera. Anati, "Batani ili ndi inuyo." Kenako anandiimbitsa mawu oyambawo nditawakoka motalika, iye atadina batanilo. Ndinamva mawu anga ndi a kabokosiko akugundana m'mwamba, wowowowo, ngati mbale ikamanjenjemera patebulo isanakhazikike. Iye ankapotokola chopotokola chaching'ono pang'onopang'ono, kunjenjemerako n'kumachedwa, wooo, wooo, mpaka kunaima. Sindinathenso kusiyanitsa kuti anga ndi ati, ake ndi ati. Tsitsi linandiima.

Atatero anatembenuza kabokosiko. Kumbuyo kunali kasikuluu kakang'ono ngati kambewu ka mawere, ndipo anali ndi kashavi kake kokatembenuzira. Anadina batani lofiira, kenako lina la kumtunda limene anati ndi lá yemweyo koma wamwana. Anati awiriwo ayenera kumvana ngati mayi ndi mwana wake akamaimba nyimbo imodzi, wina pansi wina pamwamba. Anatha Loweruka lonse akutembenuza kasikuluu kaja, kuchepa kwa katembenuzidwe kake ngati akuchotsa chitsotso m'diso. Madzulo ake anati, "Basi, chakhala." Patangopita miyezi iwiri m'pamene mlongo wanga anafika kudimba kuja.

Titameta maliro, akwawo kwa mpongozi wanga anabwera kudzamutenga pamodzi ndi mdzukulu wanga wamkazi, kubwerera nawo ku Chidzolomondo. Sindinakane, mwana ndi wa kuchikazi. Ponyamuka mpongoziyo anati, "Amayi, kabokosika kakhale kwa inu, msewu wakwathu ungakaphwanye. Mwanayu akadzakula adzamve chimene bambo ake anasiya." Foni ija inaphwanyikira pamsewu tsiku la ngozi.

Ndinatsala ndekha m'nyumba ya zipinda zitatu. Ndinkaphika pang'ono koma n'kutsalabe. Ndinkalankhula ndi nkhuku. Amayi anzanga ankabwera kudzandiona, Mulungu awadalitse, koma aliyense ali ndi pakhomo pake, ndipo dzuwa likapendeka ankanyamuka. Kuimba ndinaleka. Sindinachite kuganiza kuti ndileke, koma ndikati nditsegule pakamwa, pakhosi pankangotseka. Kutchalitchi ndinayamba kukhala kumbuyo.

Itafika nyengo yachisanu, pamene mame amauma pa udzu n'kuyera ngati mchere, ndinalakalaka kumva kabokosi kaja. Ndinakumbukira malangizo ake. Dzuwa likulowa ndinatenga gombeza limene iye ankafunda n'kukafunditsa bwinobwino, ngati khanda. M'mawa ndinavundukula, ndinayatsa, ndinadina batani lofiira. Mawu anatuluka, koma sanali aja. Anali otsikirapo, ngati munthu wachimfine. Ndinazimitsa msanga. Ndinati sikanafunde mokwanira.

Ndinawonjezera gombeza lachiwiri. Ndinakaika padzuwa pakhonde masana onse. Tsiku lina ndinathira madzi otentha m'botolo n'kuliika pambali pake m'kati mwa magombezamo. Ndikayatsa m'mawa, chimodzimodzi. Pamenepo ndinachita chinthu chimene sindinayenere kuchita. Ndinapotokola zopotokola zija, ndipo zitandikanika ndinatenga kashavi kaja n'kupita kumbuyo. Ndinati ndinkamuona akuchita, nanga n'chovuta chiyani? Ndinatembenuza mpaka mawu anafanana ndi amene ndinkawamva mumtima. Ndinakhala pansi kuthokoza Mulungu. Koma ndili chikhalire, mawu aja anayamba kukwera okha, kukwera, mpaka anapitirira. Ndinabwezanso. Mawa lake anali atatsikanso. Ndinawathamangitsa choncho sabata yathunthu ngati nkhuku yothawa mpeni, ndipo pomaliza pake batani lofiira ndi lamwana lija zinkakangana moti makutu ankawawa.

Tsiku limenelo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Chinthu chimodzi chokha chimene anachikonza ndi khutu lake, chimene ndinauzidwa kuti ndisungire mwana wake, ndinachisokoneza ndine. Sindinauze munthu. Ndikanati chiyani? Akanati mayi uja wayamba misala, akulirira wailesi. Ndinangouza Mulungu, n'kufunditsanso kabokosiko, osakayatsanso.

Fodya atatha kugulitsidwa ku Macanga, mpongozi wanga anabwera ndi mwana kudzandiona. Atalowa m'chipinda cha malemu anaona chimulu cha magombeza patebulo.

"Amayi, mwagonekamo ndani umu?"

Ndinaulula zonse, maso ali pansi. Iye anafunsa kuti, "Magombezawa ndiye a chiyani?"

"Mwamuna wanu anati ndisamachikhudze chisanafunde."

Anandiyang'ana. Ndinaganiza kuti alira, koma anaphulika kuseka mpaka anakhala pansi. Anaseka, misozi n'kutuluka, ndipo pomaliza sindikudziwa ngati kunali kusekabe.

"Amayi inu! Ndi botolo la madzi lomwe? Mukanachiphikiranso phala!"

Anatsegula katundu wa mwamuna wake n'kutulutsa kakaderno kamene ankalembamo za ntchito. Ine ndinakaonapo kale, koma sukulu yanga yochepayo ndinaphunzira ku Malawi, zolemba za Chiputukezi zimandidutsa. Anawerenga ndi chala: "Ligar e esperar vinte minutos." Anati, "Kufunda kwake si kwa gombeza, amayi. Chimafunda chokha m'kati, moto wa batire ukamayendamo. Muchiyatse, muchisiye vinte minutos, mphindi makumi awiri, ndiye mawu amakhazikika. Iwo aja ankayatsa n'kutsitsa sipika kuti mwana asadzuke, m'pamene ankapita kukamwa tiyi."

"Nanga chitenje chija?"

"Chinali cha fumbi. Inu mumasesa nthawi yomweyo."

Ndiye kuti tsiku loyamba lija kabokosi kanalibe vuto. Ndikanangodikira.

Tinayatsa, tinatsitsa sipika, tinakhala pa bedi lake. Vinte minutos ndi nthawi yaitali anthu awiri akamaopa kutchula munthu mmodzi. Mdzukulu wanga ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo pakhomo. Mpongozi wanga anandiuza kuti kwawo msika uli kutali, amanyamuka kusanache. Ndinamuuza kuti mbatata ya chaka chino yachita bwino. Kenako anati, "Ndimawalotabe." Ndinati, "Inenso."

Nthawi itakwana anakweza sipika n'kudina batani lofiira.

"Foni yanga ilibe choyezera chija. Iwo ankati azidzachuna ndi inu. Imbani, amayi."

"Sindiimbanso, mwanawe."

"Ndiye tikafunditsenso magombeza, kagone mpaka kale. Mwanayu tidzamuuza kuti bambo ake anasiya udzudzu."

Ndinatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha. Ndinayesanso, mawu anathyoka pakati. Ndinapempha madzi. Kachitatu ndinatseka maso n'kudziyesa ndili pa benchi yakutsogolo Lachinayi, amayi akundidikira, ndipo mawu anabwera. Anali ochepa, koma anali omwe aja. Nthawi yomweyo ndinamva kugundana kuja, wowowowo. Mpongozi wanga anagwira chopotokola chaching'ono. Mpweya ukandithera ndinkapuma n'kuyambiranso. Wooo. Wooo. Kenako kunaima.

Mdzukulu wanga anali ataima pakhomo la chipinda, chala chili m'kamwa.

Za kasikuluu ka kumbuyo zinatitengera masiku awiri, iye akuwerenga kakaderno n'kumatembenuza pang'onopang'ono, ine ndikumvetsera ngati mayi ndi mwana ayamba kumvana. Sitinafike pamene mwini wake anafika. Batani lofiira ndi lamwana lija zimamvana tsopano, koma mabatani a kumapeto kwenikweni akadali okhota pang'ono. Tinagwirizana kuti tisapitirire, tingawonongenso. Kashavi kaja ndinamupatsa apite nako ku Chidzolomondo, kuti ndisadzayesedwenso.

Ananyamuka Loweruka. Nyumba inabwerera mwakale.

Masiku ano ndikadzuka ndimayatsa kabokosi, ndimatsitsa sipika, ndimakaphimba ndi chitenje chija chifukwa cha fumbi. Wotchi ndilibe, koma ndinapeza kuti ndikapempherera ana anga onse mmodzimmodzi, ndi adzukulu, ndi mpongozi wanga, ndi woyendetsa kamiyawu uja amene sindinamuonepo, nthawi imakhala yakwana. Ndiye ndimadina batani lofiira n'kuimba mawu amodzi omwewo. Masiku ena timakumana msanga, masiku ena ine ndi amene ndimakhala wozizidwa. Kutchalitchi ndikadali kumbuyo. Amayi anzanga amandifunsa kuti ndidzabwerera liti kutsogolo, ndimati ndisanafunde musandikhudze, iwo samva chimene ndikunena.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikuthokozani. Mukamagwada, muikemo ndi ife: mayi wamasiye wa ku Chidzolomondo amene akulima yekha, kamtsikana kake kamene sikadzakumbukira nkhope ya bambo ake, alongo ake a malemu kumene ali, ndi ine wosunga kabokosi kuno ku Tsangano, kuti ndikhalepo ndi mawu pakhosi mpaka mwanayo adzafike podina yekha batani lofiira.