Mbuzi Yobedwa Kawiri

Ndimakazinga tchipisi pa Dedza Boma, pafupi ndi pokwerera maminibasi. Ntchito yake ndi kusenda mbatata ya kachewere, kudula, kuponya m'mafuta, kuvuula. Palibe zambiri zoti munthu anganene.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Chimene ndinatolako ndi kuwerenga. Masamu anandikana. Chingerezi ndimangochinunkhiza. Koma Chichewa cholembedwa sindichisiya.

Nyuzipepala yatsopano sindigula. Ndimagula zakale, za pamtolo, zokulungira tchipisi. Tsamba lililonse ndimayamba ndaliyang'ana ndisanaling'ambe. Likakhala la Chichewa ndimalipinda n'kuliika m'thumba la jekete. Nkhani zake zimandipeza zitazizira kale. Ndimawerenga kuti chimanga chikwera mtengo, chonsecho chinakwera, chinatsika, chakweranso. Ndimawerenga kuti timu ina yalumbira kuti ipambana, ine ndikudziwa kuti anaikwapula. Kuwerenga zakale kumachotsa phuma. Akuluakulu amene amakalipa pa tsamba loyamba ndimakulungiramo tchipisi cha kondakitala, ndipo dziko silitha.

Akazi anga sadziwa kuwerenga. Anakulira ku Lobi, nthawi imene mwana wamkazi ankamutulutsa sukulu kuti azilera ang'ono ake. Ndiye Lamulungu lililonse tikabwera ku Misa timakhala pakhonde kuothera dzuwa. Iwo amasankha nyemba m'lichero, ine ndimawawerengera mapepala a m'jekete. Zandale sazifuna. Amafuna milandu ya kukhoti, nkhani za mabanja, za akuba ziweto. Tinayamba zimenezi ana ali kumbuyo. Pano ana anakula, anachoka. Ine sindine munthu wocheza. Sabata yonse mawu anga kunyumba ndi akuti ndapita ndi akuti ndabwera. Pakhonde pamenepo ndi pokhapo pamene ndimalankhula ndi mkazi wanga nthawi yaitali.

Chaka chatha, nyengo yozizira, zilembo zinayamba kundithawa. Mitu ikuluikulu ndinkaiona. Zithunzi ndinkaziona. Zilembo zing'onozing'ono zinkangokhala ngati nyerere zomira m'madzi. Ndikatalikitsa pepala zinkabwerako pang'ono, koma mkono uli ndi polekezera. Poyamba ndinati ndi nkhungu ya m'phiri. Kenako ndinati ndi utsi wa pachiwaya. Kenako ndinakumbukira bambo anga. Anachita khungu atakalamba, kwathu ku Mayani, ndipo tinkawatsogolera ndi ndodo ngakhale popita kuseri. Ndinaopa. Sindinauze munthu.

Lamulungu linafika. Ndinatulutsa pepala. Mutu unali wakuti bambo wina wamangidwa ataba mbuzi, ndipo chithunzi cha mbuziyo chinalipo. M'munsi mwake sindinaonemo kanthu.

"Werenganitu," anatero akazi anga.

Ndinatsokomola. Kenako ndinayamba. Ndinati wakubayo anakabisa mbuzi kudimba la apongozi ake. Mbuziyo inadya kabichi yense. Apongoziwo ndi amene anakamuneneza kupolisi, osati chifukwa cha kuba ayi, koma chifukwa cha kabichi. Akazi anga anaseka mpaka nyemba zinatayika. Ine thukuta linali kamukamu, kunja kukuzizira. Koma tsikulo ndinapulumuka.

Ndinapitiriza choncho. Ndinkaona mutu ndi chithunzi, zotsalazo n'kumapeka. Pachiwaya ndinayamba kutchera khutu. Makondakitala, amayi a tomato, akabaza ochokera kumalire, aliyense akaima kudikira tchipisi amagwetsa kankhani. Ndinkatola ngati nyenyeswa zotsalira pansi pa mafuta. Ndinazindikira kuti pa Boma pano nkhani zilipo zambiri kuposa za m'nyuzipepala, kungoti palibe wozilemba. Achinyamata masiku ano amadya maso ali pa foni, n'kumaseka okha. Anzanga amawanena kuti aonongeka. Ine sindiwanena. Nawonso akuwerenga. Ndinkangowasirira maso awo.

Tsiku lina mtolo umene ndinagula unali wa Chingerezi chokhachokha, masamba a zotsatsa malonda ndi ntchito. Lamulungu litakwana ndinapisa m'jekete n'kutulutsa pepala lakale. Panali mbuzi. Nkhani za mbuzi n'zambiri m'dziko muno, ndipo ndinali nditaiwala zimene ndinanenapo. Ndinayamba. Ndinati mbuziyi inali ya chinkhoswe, ndipo amene anaiba ndi nkhoswe yemweyo, amene m'mawa mwake ankatsogolera anthu poifunafuna.

Lichero linaima.

"Bambo."

"Ee."

"Mbuzi imeneyi si ija inadya kabichi wa apongozi?"

"Mbuzi zimafanana."

"Ya nyanga imodzi? Ndi dontho la mafuta pamchira? Yabedwa kawiri pa pepala limodzi?"

Ndinaiwala kuti munthu wosadziwa kuwerenga saiwala chithunzi. Ndinayang'anitsitsa pepala ngati muli chimene ndikuonamo.

"Ndinadziwa kalekale," anatero. "Kale munkapunthwa pa mawu aatali, chala chili pa mzere. Masiku ano mukuthamanga ngati wailesi, maso ali pa nkhuku. Ndipo wolemba nyuzi wa mumzinda anadziwa bwanji kuti kwathu ku Lobi timaolokera pa mlatho wa mitengo?"

"Bwanji simunanene?"

"Ndimadikira kuti munene nokha. Maso eti?"

"Maso."

"Ngati a malemu bambo anu?"

"Kaya."

"Kaya si matenda. Mawa chiwaya chipume."

Ndinakana. Ndinati Lolemba anthu amakhala ambiri pa siteji. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kumva munthu wa chipatala akunena mawu amene ndinkawanena ndekha mumtima. Akazi anga sanatsutse. M'mawa ndinapeza atabisa mpeni wanga wosendera mbatata, iwo atavala kale chitenje cha kutchalitchi, ataima pakhomo.

Kuchipatala tinakhala pa benchi mpaka dzuwa litakwera. Dokotala wa maso anali mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Anandiunika ndi katochi. Anandilozera zilembo za pakhoma, ndinaziwerenga zonse. Anandipatsa kapepala m'manja, ndinalephera.

"Bambo, ng'ala mulibe," anatero. "Maso anu ndi abwino. Angotopa kuona pafupi. Ndi ukulu umenewu, umapeza aliyense."

"Sindichita khungu?"

"Ndi zimene ndaonazi, ayi. Muzibwera tizikuonani. Valani awa."

Anandiveka magalasi. Nyerere zija zinaima pamzere n'kukhala zilembo. Ndinawerenga kapepala konse mokweza, mpaka mawu a m'munsi onena kumene anakasindikiza. Ndinayang'ananso manja anga. Sindinkadziwa kuti zipsera za mafuta zachuluka chonchi.

"Miyezi yonseyi kuvutika chifukwa cha timagalasi," anatero akazi anga tikutuluka. "Amuna inu."

Ndinapinda magalasi n'kuwaika m'thumba la jekete.

Pachiwaya anandilandira ndi chipongwe. Kondakitala wina, kasitomala wanga wa tsiku ndi tsiku, anakuwa ali pakhomo la minibasi.

"Madala, mwasanduka loya? Tchipisi chikhala cha Chingerezi tsopano?"

Ndinamuthirira tsabola wambiri. Anadya akulira, mawa lake anabweranso.

Magalasiwo ndimawasunga m'sokosi yakale kuopa mafuta. Pokazinga sindivala, amachita nthunzi. Ndimavala pakakhala kuti palibe kasitomala, n'kumatsiriza masamba amene ndinawasunga nthawi ya mdima ija. Ndawerenga za ulimi wothirira, za anthu obzala mitengo m'mapiri ometedwa, za mtsikana wakumudzi amene anaphunzira kukonza magetsi a dzuwa. Zina mwina zinalephereka ndisanaziwerenge n'komwe. Zina mwina zikuyenda. Sindidziwa, masamba otsatira anapita ndi tchipisi.

Lamulungu loyamba nditapeza magalasi, akazi anga anandipatsa okha pepala la mbuzi lija. Anali atalisunga pansi pa mphasa.

"Tiyeni timve zoona zake."

Ndinavala magalasi, chala pa mzere. Bambo wina anaba mbuzi. Anamugwira akugulitsa nyama. Anavomera mlandu. Akagwira ukaidi.

"Basi?"

"Basi."

"Apongozi mulibemo?"

"Mulibe."

"Kabichi?"

"Mulibe."

Anapeta nyemba kawiri, mankhusu n'kuuluka.

"Chabwino. Muziyamba ndi zolembedwazo, tidziwe za dziko. Mukatha muzivula magalasiwo."

Ndinawerenga masamba ena awiri. Kenako ndinavula magalasi, ndinawalowetsa m'sokosi.

"Nkhoswe ija," anatero, "inathera pati?"

Ndinawauza.